Mpweya wamba kapena nitrox? Mafunso ndi mayankho kwa osambira pansi pa madzi

Munthu amene wangophunzira kumene kusambira pansi pa madzi ndi silinda kumsana sachedwa kuona masilinda ena omangidwa lamba wobiriwira ndi wachikasu. Akafunsa, amauzidwa kuti m'menemo muli nitrox. Kuyambira pamenepo zonena zimachuluka. Wina akuti ndi mpweya wopitira kozama, wina akuti suthera msanga, winanso akuti ukaupuma umatuluka m'madzi wosatopa. Zina mwa zimenezi zilibe umboni, zina n'zabodza, ndipo bodza limodzi pa mabodzawa likhoza kutengera munthu kumanda. Mayankho ali m'munsiwa ndi othandiza kumvetsa, koma sakulowa m'malo mwa maphunziro a kwa mlangizi wovomerezeka.

Kodi nitrox ndi chiyani kwenikweni?

Mpweya umene tikupumawu uli ndi okosijeni magawo 21 pa 100 aliwonse, nayitrojeni magawo 78, ndipo kotsalako ndi argon ndi timipweya tina. Womwewu ndi umene amaupopera m'silinda ya wosambira wamba, atangousefa ndi kuuchotsa chinyontho. Ambiri amaganiza kuti m'silinda mumakhala okosijeni yekhayekha. Ayi ndithu.

Nitrox ndi mpweya womwewo, koma okosijeni amuwonjezera, motero nayitrojeni wachepa. Mitundu yodziwika kwambiri ndi iwiri, wa okosijeni 32 peresenti ndi wa 36 peresenti, ndipo pa silinda amalemba EAN32 kapena EAN36. Osambira mongosangalala sapitirira 40 peresenti. Kuposa pamenepo pamafunika maphunziro ena ndi zida zina.

N'chifukwa chiyani munthu angafune kuchepetsa nayitrojeni?

Pagona nkhani yonse ndi apa, choncho tiyeni tiifatse.

Pamtunda, pamlingo wa nyanja, mpweya umatipanikiza ndi mphamvu ya bar imodzi. Mukalowa m'madzi, mamita 10 aliwonse amawonjezerapo bar ina. Pa mamita 10 muli pa bar 2, pa mamita 20 bar 3, pa mamita 30 bar 4. Chipangizo chopumira chija, regulator, chimakupatsani mpweya wopanikizika mofanana ndi madzi okuzungulirani, apo ayi chifuwa sichikanatha kufufuma. Ndiye kuti pa mamita 30, mukakoka mpweya kamodzi, m'mapapo mumalowa nayitrojeni wochuluka kanayi kuposa pamtunda.

Okosijeni thupi limamugwiritsa ntchito. Nayitrojeni alibe ntchito m'thupi. Amangosungunuka m'magazi, n'kumalowerera m'minofu, m'mafuta ndi m'mfundo za mafupa, ndipo mukamakhalitsa pansi amawunjikana. Pokwera, kupanikiza kumachepa ndipo nayitrojeni uja amayamba kutuluka. Akatuluka pang'onopang'ono kudzera m'mapapo, palibe vuto. Akachuluka kwambiri, kapena mukakwera mothamanga, amachita thovu m'thupi momwemo, monga limachitira botolo la chakumwa cha gasi likatsegulidwa mwadzidzidzi. Thovu limeneli ndi limene limayambitsa matenda amene osambira amangowatchula kuti bends: kuphwanya m'mfundo, dzanzi, zidzolo pakhungu, kufa ziwalo, nthawi zina imfa.

Pofuna kupewa zimenezi pali matebulo, ndipo masiku ano makompyuta a pamkono, amene amakuuzani mphindi zimene mungakhale pa kuya kwakutikwakuti n'kukwera popanda kukakamizika kuima panjira. Maziko a kawerengedweka anayalidwa ndi John Scott Haldane mu 1908. Nitrox amangochita chinthu chimodzi pa kawerengedwe kameneka: popeza nayitrojeni wolowa ndi wochepa, thupi limachedwa kudzaza, ndipo mphindi zanu zimachuluka.

Zimachuluka ndi zingati?

Titenge matebulo a bungwe la PADI, lophunzitsa kusambira pansi pa madzi, poti ndi amene ambiri anaphunzirira. Pa mamita 18, mpweya wamba umakupatsani mphindi 56. EAN32 amakupatsani 95, ndipo EAN36 amafika 125. Pa mamita 30, mpweya wamba ndi mphindi 20, pamene EAN32 ndi 30.

Chifukwa chake chimaoneka mukawerengera. Pa mamita 30 ndi EAN32, nayitrojeni amene mukupuma ndi wofanana ndi amene mukanapuma pa mamita 24 ndi mpweya wamba. Thupi lanu lili pa 30, koma pa nkhani ya nayitrojeni likudzaza ngati lili pa 24.

Phindu lenileni limaonekera pa ulendo wachiwiri ndi wachitatu wa tsiku lomwelo. Mukatuluka koyamba, nayitrojeni wina amatsalira m'thupi, ndipo amakudyerani mphindi za ulendo wotsatira. Wa nitrox amatuluka ndi ngongole yochepa. N'chifukwa chake alangizi, ojambula zithunzi pansi pa madzi, ndi amene amagona pa boti sabata yathunthu n'kumalowa m'madzi katatu kapena kanayi patsiku amamukonda kwambiri. Pakati pa mamita 15 ndi 30 ndi pamene nitrox amalipira bwino.

Ndamva kuti nitrox ndi wopitira kozama. Ndi zoona?

Ndi bodza, ndipo ndi bodza loopsa lija ndanena poyamba. Zoona zake n'zosemphana kotheratu: okosijeni akamachuluka m'silinda, kuya kumene mungafike kumachepa.

Okosijeni amene amatipatsa moyoyu amasanduka poizoni akapanikizika kwambiri. Katswiri wa ku France, Paul Bert, anafotokoza zimenezi kale mu 1878. Chimene timayang'ana si peresenti yokha, koma peresentiyo kuchulukitsa ndi bar za pamene muli. Nambala yotulukapo ndi imene kompyuta imaionetsa kuti PO2. Pamtunda ndi mpweya wamba ndi 0.21. Malire amene mabungwe ophunzitsa amagwirizana ndi 1.4 pamene mukusambira, ndipo 1.6 ndi chipupa chomaliza chimene simuyenera kuchikonzekera dala.

Tiwerengere. EAN32 amafika 1.4 pa mamita pafupifupi 33. EAN36 amafika pa 28 ndi kanthu. EAN40 pa 25 basi. Mpweya wamba sufika 1.4 mpaka mutadutsa mamita 56, kutali kwambiri ndi mamita 40 amene ndi malire a osambira mongosangalala. Choncho wopuma mpweya wamba sadera nkhawa okosijeni, koma wa nitrox ali ndi mzere umene sayenera kuulumpha, ndipo mzerewo uli pakuya pamene munthu akhoza kufikapo mosazindikira, makamaka akamasambira m'mbali mwa phompho la m'madzi lopanda pansi pooneka. Munthu wa EAN36 akatsetserekera pa mamita 40, PO2 yake ndi 1.8. Mzere umenewu pa silinda amaulemba kuti MOD, kutanthauza kuya komalizira kwa mpweya umenewo.

Opita kozama zenizeni amachita zosiyana ndi nitrox. Amachepetsa okosijeni n'kuthiramo helium, ndipo msakanizo wake amautcha trimix.

Chimachitika n'chiyani okosijeni akapitirira malire?

Amasokoneza ubongo. Zizindikiro zimene zimaphunzitsidwa ndi kuona ngati mukusuzumira mu mpaipi, kulira m'makutu, nseru, kunjenjemera kwa milomo kapena minofu ya kumaso, kukwiya kapena mantha osadziwika chifukwa, ndi chizungulire. Koma musadalire kuti zidzakuchenjezani. Nthawi zambiri sizibwera n'komwe, munthu amangoyamba kuphupha ngati wogwa khunyu.

Kuphuphako pakokha sikupha. Kutachitikira pamtunda, munthu amatsitsimuka. Vuto ndi loti pansi pa madzi regulator imagwa pakamwa, ndipo munthu wokomoka amakoka madzi. Chimenechi ndi chimene chimandichititsa kuti ndisamaseke ndi nkhani ya MOD. Bends nthawi zambiri imakupatsa mpata wokafika kuchipatala. Kuphupha pa mamita 35 sikupereka mpata wotero.

Pali zinthu zimene zimakulitsa chiopsezochi ngakhale simunadutse malire. Chachikulu ndi mpweya woipa wa carbon dioxide ukachuluka m'magazi, zimene zimachitika mukamalimbana ndi madzi othamanga kapena mukamabanika dala pofuna kusunga mpweya. Chizolowezi chobanikachi n'choipa kale ndi mpweya wamba, koma ndi nitrox n'choipa kawiri.

Nthawi nayo imawerengedwa. Tebulo la bungwe la NOAA la ku America, loona za nyanja ndi nyengo, limalola mphindi 150 pa ulendo umodzi pa PO2 ya 1.4, koma mphindi 45 zokha pa 1.6. Kompyuta imasunga kawerengedwe kameneka n'kumakuonetsani ngati peresenti pansi pa zilembo za CNS. Palinso kupsa kwa mapapo kumene kumabwera munthu akapuma okosijeni wambiri kwa maola ambirimbiri, kumene anakufotokoza James Lorrain Smith mu 1899, koma wosambira wamba sachedwa pansi mokwanira kuti kumukhudze.

Kodi silinda ya nitrox imakhalitsa kuposa ya mpweya wamba?

Ayi. Zimamveka ngati zanzeru kuti okosijeni akachuluka ndiye mupuma pang'ono, koma thupi silimayenda choncho. Chimene chimakukakamizani kukoka mpweya si kusowa kwa okosijeni, koma kufuna kutaya carbon dioxide, ndipo ameneyo mumapanga wofanana kaya mukupuma chiyani.

Mfundo imeneyi ndi imene imaweruza ngati nitrox angakupindulireni. Tiyerekeze munthu amene pamtunda amapuma malita 20 pa mphindi, monga amachitira ambiri ongoyamba kumene. Pa mamita 18 amatha malita 56 pa mphindi. Silinda ya malita 12 yopopedwa kufika bar 200 ili ndi malita 2,400, ndipo akasiya bar 50 zosungira amatsala ndi 1,800. Pakatha mphindi 32 basi, ayenera kukwera. Mphindi 56 za mpweya wamba sanazimalize n'komwe, ndiye 95 za nitrox achita nazo chiyani? Koma wozolowera, wopuma modekha malita 12 pa mphindi, amafika mphindi zoposa 50 ndi silinda yomweyo, ndipo pa ulendo wachiwiri kompyuta ndi imene imayamba kumuthamangitsa mpweya ukadalipo wambiri. Mukafika poti mukutuluka m'madzi chifukwa cha kompyuta osati chifukwa cha geji yoonetsa mpweya wotsala m'silinda, nthawi yophunzira nitrox yakwana.

Nanga kuledzera kwa pansi pa madzi kuja, nitrox amakuchepetsa?

Musayembekezere zimenezo. Kuyambira cha pa mamita 30 anthu ambiri amayamba kuganiza mochedwa, ena kusangalala mopanda pake, chifukwa cha nayitrojeni wopanikizika. Nitrox ali ndi nayitrojeni wochepa, inde, koma okosijeni amene walowa m'malo mwakeyo amaganiziridwa kuti nayenso amaledzeretsa. Konzekerani ngati palibe kusiyana.

Anzanga akuti akapuma nitrox satopa. Pali umboni?

Ambiri amanena zimenezi ndi mtima wonse, ndipo sindinganene kuti akunama pa zimene akumva m'thupi mwawo. Koma atayesa mwa sayansi sizinaoneke bwino. Mu 2003 ku Australia, ofufuza anaika osambira m'chipinda chopanikiza mpweya chofanana ndi mamita 18, ena akupuma mpweya wamba, ena EAN36, popanda wodziwa chimene akupuma. Kutopa kwawo sikunasiyane. Mukamva kupepuka mutapuma nitrox, kondwerani nako, koma chisakhale chifukwa chachikulu chomusankhira.

Ndiye tinene kuti nitrox ndi wotetezeka kuposa mpweya wamba?

Zimatengera mmene mwamugwiritsira ntchito. Pali njira ziwiri, ndipo simungadye zonse nthawi imodzi.

Yoyamba ndi kutenga mphindi zonse zimene nitrox wakupatsani. Mukakhala mphindi 95 pa mamita 18 ndi EAN32, mumatuluka ndi nayitrojeni pafupifupi wofanana ndi wa mnzanu amene wakhala mphindi 56 ndi mpweya wamba. Mwapindula nthawi, koma chitetezo ku bends sichinawonjezeke.

Yachiwiri ndi kupuma nitrox koma n'kumatsata mphindi za mpweya wamba. Apa nthawi simunapindule, koma mumatuluka ndi nayitrojeni wochepa. Achikulire, onenepa, ndi amene akulowa m'madzi masiku angapo otsatizana ambiri amasankha njira imeneyi, ndipo ine ndimaiona kuti ndi yanzeru. Chenjezo lake n'lakuti mukauza kompyuta kuti mukupuma 21 peresenti pamene m'silinda muli 32, siidzakuchenjezani za MOD ndipo siidzawerengera bwino okosijeni. Kuli bwino kuiuza zoona, kenako n'kusankha mulingo wosamalitsa umene makompyuta ambiri ali nawo.

Pa njira zonse ziwiri, malamulo akale sasintha. Kwerani pang'onopang'ono, mamita 9 kapena 10 pa mphindi, ndipo imani mphindi zitatu pa mamita 5.

N'chifukwa chiyani amalimbikira kuti ndiyeze ndekha silinda yanga? Kodi wopopa uja sadziwa ntchito yake?

Amaidziwa, koma ndi munthu. Masilinda amafanana, zolemba zakale zimatsalira, ndipo pa boti lodzaza anthu silinda ya wina ikhoza kufika kumsana kwanu. Okosijeni alibe fungo kapena kakomedwe koti mungamuzindikire. Mpweya wa 21 ndi wa 40 peresenti umamveka chimodzimodzi pakamwa.

Taganizani silinda yolembedwa 32 koma m'kati muli 40. Inu mwakonzekera kufika mamita 33, kompyuta ikukuuzani kuti zonse zili bwino, pamene PO2 yanu yeniyeni ndi 1.72. Tembenuzaninso: yalembedwa 32 koma muli mpweya wamba. Kompyuta ikupatsani mphindi 30 pa mamita 30, thupi lanu lili ndi 20 zokha. Zolakwika ziwirizi zimapewedwa ndi ntchito ya mphindi imodzi.

Kayezedwe kake n'kosavuta. Tengani kachipangizo koyezera okosijeni, kayeseni kaye pa mpweya wamba mpaka kaonetse 20.9 kapena 21. Tsegulani silinda pang'ono kuti mpweya uzituluka mofatsa, gunditsani kachipangizoko, dikirani nambala ikhazikike. Lembani pa kapepala komata peresentiyo, MOD, dzina lanu ndi tsiku, n'kumata pa silinda pamene mungaone. Malo ambiri opopera amakusainitsaninso m'buku. Mukatero lowetsani nambalayo m'kompyuta, ndipo ionetsetseni musanalowe m'madzi ulendo uliwonse, chifukwa makompyuta ena amabwerera okha pa nambala ina pakapita maola angapo. Ngati simunaione nambalayo ndi maso anu, silindayo musaipume.

Kodi ndifunika kugula zida zatsopano?

Kawirikawiri ayi. Mabungwe ambiri ophunzitsa amati regulator wamba ndi yokwanira bola okosijeni asapitirire 40 peresenti, ngakhale mayiko ena ndi makampani ena opanga zida ali ndi malamulo okhwimirapo. Ku Ulaya, mwachitsanzo, kuli mtundu wapadera wa valavu ya nitrox wotchedwa M26. Werengani zimene wopanga zida zanu analemba.

Silinda ndi nkhani ina, ndipo zimatengera mmene amapopera. Ena amayamba kuthira okosijeni weniweni m'silinda kenako n'kudzazitsa ndi mpweya wamba. Pamenepa silinda ndi valavu yake zimakumana ndi okosijeni wa 100 peresenti wopanikizika, choncho ziyenera kutsukidwa mwapadera kuti musatsale mafuta kapena girisi. Okosijeni sayaka yekha, koma amakolezera moto koopsa, ndipo kadontho ka mafuta kakhoza kubuka ndi kutentha kongobwera chifukwa cha kupanikiza. Ena amasakaniza mpweyawo usanalowe m'makina opopera, kapena amausefa kuti nayitrojeni wina achoke, ndipo njira zimenezi sizifuna zambiri. Chizolowezi chabwino pa silinda iliyonse ndi kutsegula valavu pang'onopang'ono.

Nitrox anayamba liti?

Asilikali a pamadzi ndi ogwira ntchito za pansi pa madzi anayamba kale kupuma mpweya wowonjezera okosijeni. Amene anaukhazikitsa kwa asayansi ndi Morgan Wells wa ku NOAA, ndipo matebulo a 32 peresenti anatuluka m'buku la malangizo la bungwelo mu 1979. Dick Rutkowski, atapuma ntchito ku NOAA komweko mu 1985, anayamba kuphunzitsa anthu wamba. Poyamba anatsutsidwa kwambiri, ambiri ankati adzapha anthu. Maganizo anasintha pang'onopang'ono, mpaka PADI inayamba kupereka maphunziro ake a nitrox mu 1996. Mantha a nthawi imeneyo sanali opanda pake. Chimene chinawathetsa ndi mwambo woyeza silinda ndi kulemekeza MOD, ndipo mwambowo ukatayidwa mantha aja amakhalanso oona.

Maphunziro ake ndi ovuta?

Ndi amodzi mwa afupiafupi. Amatha tsiku limodzi, ndipo mbali yaikulu ndi kuwerenga, kuwerengera, ndi kuyeza masilinda ndi manja anu. Kasambiridwe sikasintha. Malo opopera odalirika sangakupatseni nitrox popanda kuona chiphaso chanu.

Ine ndili ndi nitrox, mnzanga ali ndi mpweya wamba. Tingasambire limodzi?

Mungathe. Kuya kwa ulendo kutsate MOD ya inu, nthawi itsate kompyuta ya mnzanuyo, ndipo mugwirizane zimenezi musanalowe m'madzi. Mpweya ukamuthera mnzanuyo pansi, mupatseni wanu osazengereza, ngakhale sanaphunzire za nitrox. Pa kuya kumene inu mukuupuma bwinobwino, nayenso akhoza kuupuma pamene mukukwera.

Ndi liti pamene mpweya wamba uli wokwanira, kapena woposa?

Pa madzi osaya, cha m'mamita 10 kapena 12, mpweya wamba umakupatsani kale maola oposa awiri, ndipo silinda idzatha nthawiyo isanakwane. Kulipira zowonjezera pa nitrox pamenepo n'kungotaya ndalama. Chimodzimodzi ngati mukulowa kamodzi kokha patsiku kwa nthawi yochepa. Kumapeto enawo, ngati ulendo ukufika mamita 35 kapena 40, EAN32 ndi EAN36 sakuyenera. Pamafunika mpweya wamba kapena nitrox wa peresenti yotsika, monga 28, wokonzedwera kuya kumeneko. Ndipo ngati mwafika pamalo pamene palibe kachipangizo koyezera, kapena kakuonetsa nambala zodumphadumpha, pemphani mpweya wamba mtima uli m'malo.

Pali ena amene sayenera kupuma nitrox?

Aliyense amene anadwalapo khunyu ayenera kuonana ndi dokotala wodziwa za kusambira pansi pa madzi asanaganize n'komwe za silinda ya mtundu uliwonse. Amene analandirapo mankhwala a khansa otchedwa bleomycin afunsenso, chifukwa mankhwalawa amachititsa mapapo kuvulala msanga ndi okosijeni wambiri. Mankhwala ena otsegula mphuno pa chimfine, monga pseudoephedrine, amakayikiridwa kuti amakulitsa chiopsezo cha kuphupha. Uzani dokotala mankhwala onse amene mukumwa.

Ndikapuma nitrox, ndingakwere ndege msanga?

Ayi, nthawi yodikira ndi yomweyo. Malangizo a bungwe la DAN, loona za chitetezo cha osambira pansi pa madzi, ndi maola osachepera 12 mutalowa kamodzi, ndi osachepera 18 mutalowa kangapo kapena masiku otsatizana. Kukwera phiri lalitali pa galimoto kumawerengedwa mofanana, poti nakonso kumachepetsa kupanikiza kwa mpweya.

Munthu amene anapuma nitrox akaonetsa zizindikiro za bends, tingamupatsebe okosijeni?

Inde, ndipo musachedwe. Ena amaopa kuti popeza wapuma kale okosijeni wambiri pansi, kumuwonjezera kumupweteka. Pamtunda okosijeni wa 100 peresenti ali pa bar imodzi yokha, pansi pa malire aja a 1.4, ndipo ndi amene amafulumizitsa nayitrojeni kutuluka m'thupi. Mugonekeni, mupatseni okosijeni, itanani thandizo lachipatala, ndipo musamubwezere m'madzi. Tengani kompyuta yake mupite nayo limodzi, ndipo auzeni madokotala peresenti imene anapuma, kuya kumene anafika, ndi mphindi zimene anakhala pansi.